Kodi Cikondi Cimayesedwa ndi Masipuni a Shuga?

M'kope lino tiyeni tikambirane za kanthu kakang'ono kamene kapezeka m'khichini ya mai aliyense, ndiko kasipuni ka tiyi. Kwathu kuno mlendo akafika timateleka madzi pa mbaula msangamsanga, ndipo ulemu wa tiyi uja umaonekera pa shuga. Tiyi wa masipuni atatu kapena anai ndiye wa m'nyumba ya anthu opatsa. Wa sipuni imodzi, alendo akangotuluka pakhomo amanong'onezana kuti mai uja ngoumira manja. Tinakula tikudziwa zimenezi ngakhale palibe amene anatikhazika pansi kutiphunzitsa.

Koma masiku ano azimai ambiri pobwerako ku kiliniki amabwera ndi lamulo lacilendo. Anesi awauza kuti acepetse shuga, ndiponso kuti azilemba m'kabuku zonse zimene adya ndi kumwa pa tsiku. Ena auzidwa cifukwa ca matenda a shuga, ena cifukwa ca kunenepa kumene kwayamba kulemetsa maondo, enanso cifukwa ca mano a ana amene ayamba kubooka. Apa zinthu ziwiri zabwino zaombana, kucereza alendo kumene makolo anatisiyira ndi kusamala moyo. Palinso funso lina lobisika pansi pake. Kodi munthu amene awerenga masipuni ake tsiku ndi tsiku ndi wanzeru, kapena wangodzimanga unyolo watsopano? Tiyeni tiganizire pamodzi mofatsa.

Ciwerengero cimene tapatsidwa

M'caka ca 2015 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo okhudza shuga. Linati shuga woonjezera asafike pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zonse zimene munthu apeza m'cakudya ca tsiku limodzi. Kwa munthu wamkulu zimenezi ndi magalamu pafupifupi 50, kapena kuti masipuni a tiyi 12. Linaonjezanso kuti amene angathe kutsika kufika pa magalamu 25, ndiwo masipuni 6, adzapindula koposa. Sipuni imene ikunenedwa pano ndi yodzaza mpaka m'milomo mokha, yolemera magalamu 4. Ija timatapa ife, yokhala ndi kaphiri pamwamba, imapitirira kwambiri pamenepo. Mwana, popeza thupi lake ndi laling'ono, malire ake ndi ocepa kuposa a wamkulu.

Shuga woonjezera ndi uti? Ndi uja tithira tokha m'tiyi, m'phala, m'thobwa ndi m'munkoyo. Ndi ujanso athira ku fakitale m'zakumwa zoziziritsa, m'maheu a m'botolo, m'mabisiketi, m'jamu ndi m'maswiti. Uci ndi madzi ofinyidwa a zipatso amawerengedwanso momwemo. Shuga wa m'cipatso cathunthu, monga mango, papaya kapena gwafa, ndi wa mu mkaka wosathira kanthu, sali m'ciwerengero cimeneci. Cipatso cimabwera ndi ulusi wake umene umacedwetsa shuga kulowa m'magazi, ndiponso kutafuna kumakhutitsa. Munthu angathe kumwa madzi a malalanje anai m'kamphindi, koma kudya malalanje anai nthawi imodzi n'kovuta.

Tsono tiyeni tiwerenge tsiku limodzi la mai wamba. M'mawa amwa makapu awiri a tiyi, iliyonse ya masipuni 3, akhala 6. M'phala athira 2, akhala 8. Masana ku msika dzuwa likaswa mtengo agula botolo la cakumwa coziziritsa la mamililita 300. Zambiri za zakumwa zimenezi zimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 pa mamililita 100 aliwonse, conco botolo lija lili ndi masipuni 7 kapena kuposa, akhala 15. Madzulo kapu ina ya tiyi ya masipuni 3, akhala 18. Masipuni 18 ndi magalamu 72, ndipo sitinawerenge citumbuwa kapena sikono. Pa mwezi umodzi mai ameneyu yekha wadya shuga wopitirira makilogalamu awiri.

Shuga akalowa m'thupi amafika m'magazi msanga. Kapamba amatulutsa insulini, imene nchito yake ndi kutsegulira shuga njira yolowera m'minofu kuti asanduke mphamvu. Wotsala amasungidwa, ndipo wambiri amasanduka mafuta. Thupi likanenepa kwa zaka zambiri limayamba kusamvera insulini, kapamba natopa, shuga nayamba kuunjikana m'magazi. Umu ndi mmene matenda a shuga ofala kwambiri, aja amagwira anthu akuluakulu, amayambira mwa anthu ambiri. Akalekereredwa amaononga maso, impso, mitsempha ya kumapazi ndi mtima. M'kamwa namo, tizilombo tokhala pa mano timadya shuga ndi kutulutsa asidi amene amabowola mano, makamaka ngati munthu amwa kapena kunyambita zotsekemera pafupipafupi tsiku lonse.

Phindu la kuwerenga

Mukafunsa mai wa m'citsanzo cija kuti amadya shuga woculuka bwanji, adzayankha kuti pang'ono cabe. Ndipo sakunama. Zinthu zazing'ono zimene dzanja licita tsiku ndi tsiku sizidutsa m'cikumbukiro. Tonse tidziwa mmene ndalama imathera ku msika, apa tomato, apo makala, apo kasopo, kenaka madzulo munthu nkumafunsa ana ngati alowa m'cikwama. Ndi cifukwa cake cilimba ciliconse colongosoka cimakhala ndi buku. Bukulo silitanthauza kuti m'gulumo muli akuba. Limangothandiza anthu okhulupirika kuti asadzinyenge.

Phindu loyamba la kabuku ka cakudya ndi lomwelo, kunena coonadi kwa iwe mwini. Timaphunzitsa ana kuti bodza n'loipa, koma bodza limene munthu amadziuza yekha ndi lovuta kuligwira popeza wonama ndi wonamizidwa ndi munthu mmodzi. Munthu sangadziletse pa cinthu cimene sadziwa kukula kwake. Amene akuti ndicepetsa shuga osadziwa kuti ali pa masipuni 18 ali ngati woyenda usiku wopanda nyali. Pa cifukwa cimeneci kuwerenga ndi cinthu cabwino, ndipo mai amene wayamba kulemba asasekedwe kuti wacita cizungu.

Wina anganene kuti agogo athu sanawerengepo sipuni ndi imodzi yomwe, koma anakhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulutudzi. Ndi zoona kuti sanawerenge, koma analibe zambiri zoti awerenge. Kutsekemera kunkabwera ndi nyengo yake. Panali nthawi ya mango, ya masuku, ya misale ndi nzimbe, ndipo uci unkapezeka mwa apo ndi apo. Shuga wa m'sitolo anali wa mlendo, wa wodwala ndi wa tsiku la cikondwerero. Pamwamba pa izo ankalima, kusinja, kutunga madzi ndi kuyenda mitunda yaitali ndi miyendo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 minda ya nzimbe ya Nakambala kufupi ndi Mazabuka, yothiriridwa ndi madzi a mtsinje wa Kafue, inayamba kutulutsa shuga wa dziko lathu lomwe lino. Inapatsa anthu ambiri nchito, ndipo lero shuga apezeka pa kantemba kalikonse, ngakhale womanga m'kapepala ka pulasitiki. Mtengo wake umatidandaulitsa, komabe ndi ocepa amene agona sabata yathunthu osamulawa.

Apa pali mfundo yofunika. Mwambo wolemekeza mlendo ndi shuga unayamba pamene shuga anali wosowa. Kutapa masipuni anai m'kacitini kosungidwa mwezi wathunthu kunali kudzimana cifukwa ca mnzako, ndipo ulemu unali m'kudzimanako. Lero mwambo watsala koma kusowa kuja kunapita. Mlendo amene wayendera nyumba zitatu tsiku limodzi wamwa tiyi wa ulemu katatu.

Winanso anganene kuti kodi si boma lomwe limene linaika vitamini A m'shuga? Inde, kuyambira m'caka ca 1998 lamulo la Zambia linafuna kuti shuga wogulitsidwa m'nyumba za anthu aziikidwamo vitamini A, pofuna kuteteza maso ndi thanzi la ana. Anasankha shuga cifukwa ankafika kale m'makomo ambiri. Colinga cinali cakuti pang'ono pamene anthu adya kale pakhale ndi phindu, osati kuti anthu aonjezere masipuni. Vitamini yemweyo ali m'mango, m'papaya, m'maungu, m'kandolo wofiira m'kati, m'cibwabwa ndi bondwe, m'mazira ndi m'ciwindi, ndiponso m'cimanga ca mtundu wa lalanje cimene cinayamba kufalitsidwa kwa alimi a m'dziko lino m'caka ca 2012.

Pamene kabuku kasanduka woweruza

Cinthu cabwino cingathe kusanduka cowawa cikapatsidwa mpando umene suli wake. Kabuku kanapangidwira kuuza munthu zimene wadya. Sikadziwa kunena ngati munthuyo ndi wabwino kapena woipa. Komabe ambiri amakapatsa nchito imeneyo. Tsiku limene alemba masipuni 5 amayenda mutu uli m'mwamba. Tsiku limene kunali ukwati nalemba 20 amadziona ngati wolephera pa zonse. Zotsatira zake zimakhala ziwiri. Ena amayamba kubisira kabuku, kulemba 8 pamene adya 15, ndiye kuti cida cimene cinabwera kudzathetsa kudzinamiza casanduka malo a bodza latsopano. Ena amataya mtima nati popeza ndagwa kale, bola ndingodya. Akulu anati dzedzeredzedzere salingana nkugweratu. Tsiku limodzi la phwando siliononga thupi. Cimene cimaumba thupi ndi cizolowezi ca miyezi ndi zaka.

Ngozi ina ndi ya kuweruza anzathu. Munthu akangoyamba kuwerenga zake, maso ake amayamba kuyendayenda m'makapu a ena. Amva kuti mai wakutiwakuti wapezeka ndi matenda a shuga, iye nkunena kuti wazifuna yekha, ankakonda zonona. Mau otere ndi ankhanza, ndiponso si oona. Matenda a shuga ali ndi magwero ambiri. Amayenda m'magazi a banja, amabwera ndi msinkhu, amagwira azimai ena ali ndi pakati, ndipo pali mtundu wina umene umagwira ana ndi acinyamata cifukwa kapamba wasiya kupanga insulini, popanda cimene iwo analakwa pa kadyedwe. Pali anthu owonda amene adwala, ndi okonda tiyi wotsekemera amene sadwala. Kucepetsa shuga kumacepetsa ngozi, koma si cikalata cotsimikiza kuti munthu sadzadwala, ndipo kudwala si umboni wakuti munthu anali wosusuka.

Tisaiwalenso mai amene m'nyumba mwake mulibe mazira, mkaka kapena nsinjiro. M'mawa apatsa ana tiyi wotsekemera ndi kabanzi kuti apite ku sukulu ali ndi kanthu m'mimba. Iye sanasankhe shuga pakati pa zakudya zambiri. Wasankha cimene ndalama yake yakwanitsa. Kumuwerengera masipuni popanda kumuthandiza kupeza cina coika m'malo mwake ndi kumusenzetsa katundu wina pamwamba pa umphawi. Ndipo si zonse zili m'manja mwa mai. Zakumwa zotsekemera zimalengezedwa pa wailesi ndi pa zikwangwani, zimagulitsidwa pa geti la sukulu, ndipo nthawi zina n'zosavuta kupeza kuposa madzi abwino akumwa. Maboma ena anazindikira zimenezi. Dziko la South Africa linaika msonkho pa zakumwa za shuga m'caka ca 2018, ndipo kuno ku Zambia m'caka ca 2019 kunaikidwa msonkho wa 30 ngwee pa lita ya zakumwa zoterezi. Mlandu wa shuga ndi wa anthu ambiri, conco tisaukhuthulire pa mutu wa mai mmodzi.

Shuga mwini wake si mdani. Mwana akatsegula m'mimba ndipo mapaketi a ORS palibe pafupi, azaumoyo amaphunzitsa kusakaniza masipuni 6 a shuga ndi theka la sipuni ya mcere m'lita imodzi ya madzi owiritsa. Masipuni 6 omwe aja amene tikuti akhale malire a tsiku ndiwo apulumutsa mwana ameneyu. Munthu wa matenda a shuga amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi ena, shuga wake angathe kutsika kwambiri, makamaka akacedwa kudya. Amanjenjemera, kutuluka thukuta, kumva njala ndi cizungulire, mwina kulankhula zosamveka. Ngati ali maso ndipo angathe kumeza, amafunika masipuni 3 kapena 4 a shuga m'madzi nthawi yomweyo, kenaka cakudya. Ngati wakomoka, asamwetsedwe kanthu koma athamangitsidwe ku cipatala. Wacibale amene wagwira lamulo lakuti shuga ndi woletsedwa, nakana kumupatsa pa ora limenelo, angathe kupha munthu amene akuti akumuteteza. Ciwerengero cimafuna nzeru pambali pake.

Ndiponso kuwerenga shuga yekha kungatipatse mtendere wabodza. Nsima ya ufa woyera, mpunga ndi buledi nazo zimasanduka shuga m'magazi. Mai amene wasiya shuga m'tiyi koma aonjezera mitanda ya nsima sanapite patali. Ufa wa mgaiwa, mtanda wocepa, ndiwo zamasamba zambiri ndi nyemba, pamodzi ndi kuyenda kapena kugwira nchito yotulutsa thukuta, ndi mbali ya nkhani yomweyi. Amene ali kale pa mankhwala atsate zimene auzidwa ku kiliniki kuposa zimene amva kwa anzao.

Wothira ndi wakumwa

Tibwerere ku funso la mlendo. Udindo uli pa yani, pa wothira kapena pa wakumwa?

Sipuni ya m'khichini ili ndi mphamvu kuposa mmene tiganizira. M'caka ca 1791 ku Britain mabanja ambiri analeka kugula shuga wolimidwa ndi akapolo ku zisumbu za Caribbean, posonyeza kudana ndi malonda a anthu. Azimai, amene ndiwo ankagula ndi kukonza cakudya ca m'nyumba, anali ndi mbali yaikulu pa nkhaniyi. Nkhani yao inali yosiyana ndi yathu, koma itikumbutsa kuti amene agwira sipuni amasankhira nyumba yonse.

Cizolowezi cathu, makamaka pa maliro, pa misonkhano ndi pa zikondwerero, ndi kuthira shuga m'poto yonse ya tiyi kapena m'cidebe conse ca thobwa tisanagawe. Timatero pofuna kufulumira, ndiponso poopa kuti shuga akaikidwa poyera atha msanga. Koma taganizirani cimene tacita. Pakati pa anthu 100 amene akhala pa mphasa, palidi ena amene anesi anawaletsa. Tawasiyira njira ziwiri zokha, kumwa cimene cidzawapweteka kapena kukhala ndi njala anzao akumwa. Tawasankhira osawafunsa. Kucereza kweniweni kumayang'ana cimene mlendo asowa. Ngati tiumirira pa masipuni anai kuti anthu akatitame kuti ndife opatsa, ndiye kuti tikucereza mbiri yathu ndi thupi la mnzathu. Mankhwala ake ndi apafupi. M'nyumba, shuga abwere m'kambale kake ndi kasipuni pambali. Pa gulu, pakhale poto kapena fulasiki imodzi yopanda shuga, ndipo ilengezedwe poyera monga cinthu wamba kuti wotungamo asamve manyazi.

Mlendo nayenso ali ndi mbali yake. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Ambiri amamwa tiyi amene adziwa kuti awapweteka poopa kukhumudwitsa mwini nyumba. Koma cimene mwini nyumba wapereka ndi ulemu, ndipo ulemuwo ungalandiridwe ndi manja awiri popanda shuga. Kunena kuti zikomo amai, ine ndimwa wopanda shuga, kapena sipuni imodzi yandikwanira, si mwano. Ndi bwino kunena madzi asanathiridwe m'kapu kuti kanthu kasatayike. Ndipo mwini nyumba akamva mau amenewa asayambe kufunsa kuti mwadwala ciani. Munthu ali ndi ufulu wosunga matenda ake mumtima. Kukakamiza kuti thirani pang'ono cabe, kamodzi sikapha, ndi kuika mnzathu pa mayesero pamene iye akulimbana kale ndi cilakolako cake.

Pali nkhani ina yovutirapo. Apongozi anu acikulire ali ndi matenda a shuga, adziwa bwino zimene anauzidwa, koma akuti ndithirireni masipuni atatu, ndakalamba kale ine. Kodi mucite ciani? Mukabisa shuga kapena kuwanamiza kuti watha, mwawasandutsa mwana, ndipo mwalowetsa bodza m'nyumba. Mukangothira osanena kanthu, mwasamba m'manja pa moyo wa munthu amene muli naye udindo. Ine ndiona kuti njira yoyenera ili pa kunena zoona mwaulemu. Auzeni nkhawa yanu, pemphani amuna anu kapena wamkulu amene iwo amamumvera kuti alankhule nao, apelekezeni ku kiliniki kuti amve okha, ndipo nyumba yonse icepetse pamodzi kuti asakhale okha omanidwa anzao akunyambita milomo. Mukacita zonsezi, mau otsiriza pa kapu yao ndi ao. Munthu wamkulu wa nzeru zake ali ndi ufulu pa thupi lake, ngakhale pamene kusankha kwake kutiwawa. Cimene cili m'manja mwathu ndi kusatopa kuwakonda ndi kusawanyoza akadwala.

Kwa ana nkhani ndi yosiyana, popeza mwana sasankha. Lilime lake limaphunzira kwa amene amudyetsa. M'mera mpoyamba. Mwana amene wazolowera phala la nsinjiro lopanda shuga amalidya mokondwa, koma amene anayamba ndi masipuni awiri adzakana lina lililonse. Azaumoyo amalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asapatsidwe zakumwa zotsekemera, ndipo wosakwana caka cimodzi asapatsidwe uci. Tiganizirenso cizolowezi cotonthoza mwana wolira ndi switi, kapena kumulipira nayo akacita bwino. Tikutero tikumuphunzitsa kuti cisoni cimacizidwa ndi zotsekemera ndi kuti cikondi cimabwera m'kapepala konyezimira, ndipo phunziro limeneli adzakula nalo. Pa mwana, udindo wonse uli pa wothira.

Njira yoyambira

Amene afuna kuyamba atenge kabuku ka sukulu ndi kulemba kwa masiku 7 osasintha kanthu pa kadyedwe kake. Alembe nthawi yomweyo, popeza za m'mawa pofika madzulo zaiwalika. Pa zogula m'sitolo, ayang'ane pa cikuto pamene palembedwa liu la Cingelezi lakuti "sugars". Nambala imene ili pamenepo nthawi zambiri ndi ya magalamu 100 kapena mamililita 100, conco aiwerengere pa botolo lonse, kenaka agawe ndi 4 kuti apeze masipuni.

Amene kulemba kumamuvuta pali njira ina ya nyumba yonse. Lembani pa paketi tsiku limene mwaitsegula. Ngati paketi ya makilogalamu awiri yatha m'masiku 7 m'banja la anthu 6, ndiye kuti aliyense akudya magalamu pafupifupi 48 pa tsiku, amene ndi masipuni 12. Pamenepo banja lafika kale pa malire, ana apitirira, ndipo za kunja kwa nyumba sizinawerengedwe.

Sabata ikatha, onani pamene pali masipuni ambiri ndipo yambirani pomwepo. Kwa ambiri ndi pa zakumwa. Botolo limodzi losinthidwa ndi madzi licotsa masipuni 7 nthawi imodzi. M'tiyi, cotsani theka la sipuni, khalani pamenepo sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka cotsaninso theka lina. Lilime limazolowera, ndipo pakapita nthawi tiyi wakale uja amayamba kumveka ngati manyuci. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Amene aganiza zothawira ku timapiritsi totsekemeretsa tiyi adziwe kuti m'caka ca 2023 bungwe la WHO linalangiza kuti tisadalire timeneti ngati njira yocepetsera thupi, ngakhale langizolo silinakhudze anthu amene ali kale ndi matenda a shuga.

Cizolowezi catsopano cikakhazikika, kabuku kangathe kupumula, kupatula ngati a ku kiliniki apempha kuti kapitirire. Nkutheka kukatulutsanso pakapita miyezi ingapo kuti muone ngati dzanja silinayambe kulemera. Munthu amene sangathe kudya pa ukwati wa mwana wake popanda kuda nkhawa ndi nambala, kabuku kamulamulira, ndipo ayenera kukambirana ndi wazaumoyo. Colinga ca kuwerenga ndi cakuti tikhale ndi mphamvu zolera ana, zolima ndi zoyendera odwala kwa zaka zambiri.

Pomaliza, amene amva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kutopa, kuwonda kosadziwika bwino, kuona mwa cimbuuzi kapena zilonda zocedwa kupola, apite akapimitse magazi. Ambiri amakhala ndi matendawa zaka zingapo popanda cizindikiro ciliconse, conco amene ali ndi wacibale wodwala shuga, kapena amene anali ndi shuga wokwera ali ndi pakati, asadikire kudwala. Kupima kwake ndi kadontho kamodzi ka magazi a pa cala.

Amai anzanga, cikondi ca mai kwa a m'nyumba mwake ndi kwa alendo ake cimaonekera pa kufunsa, kumvetsera ndi kupereka cimene cidzamanga thupi la mnzake. Tikatero mwambo wa makolo wa kucereza sitinautaye, tangoupatsa maso oona nyengo imene tikukhalamo.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi paketi ya shuga imatha masiku angati m'nyumba mwanu, ndipo muli anthu angati?

2. Pa maliro ndi pa misonkhano ya kwanuko, kodi munthu amene samwa shuga amapeza cakumwa? Ngati sapeza, ndani angayambe kukonza zimenezi?

3. Kodi ndi mau otani amene mlendo anganene pokana shuga, osakhumudwitsa mwini nyumba?

4. Kodi tingamuthandize bwanji mai amene alibe cina copatsa ana m'mawa kupatula tiyi wotsekemera?

5. Kodi malire ali pati pakati pa kusamala wacikulire wodwala ndi kumulanda ufulu wake?